Makatani a Mayi pa Tsiku la Mfumu

Groningen,
2 Meyi 2023

Okondedwa achimwene Tjarko,

Ndikhulupirira muli bwino ku Canada kumeneko, pamodzi ndi alamu ndi ana. Ife kuno tilipo. Ndasankha kulemba pamanja chifukwa pa foni mumakhala wothamanga, komanso mu envelopu muno muli kanthu kanu komwe foni singanyamule.

Ntchito munatituma ija yatheka. Mayi alowa m'nyumba yosungira okalamba, ndipo nyumba yawo ya ku Warffum yatsala makoma okhaokha, ikudikira wogula. Nzeru inali yanu, musaiwale: ndiwatenge akacheze mu mzinda masiku awiri pa chikondwerero cha Tsiku la Mfumu, mlamu wanu Menno atute katundu, kenaka m'malo mobwerera kwawo ndikawatule kumalo atsopanowo. Munati kuwauza kungowadwalitsa. Ine ndinavomera, pakuti chigwereni mayi pa masitepe paja mtima wanga sunakhale m'malo, ndipo wothamangira ku Warffum amakhala ine, osati inu.

Ulendowo anaukondwerera ngati mwana. Anakakonzetsa tsitsi, natulutsa chipewa chawo cha olenji chija. Pokiya chitseko anapempha aneba kuti awathirire maluwa mpaka Lachisanu. Ku hotela ankangosisita matawulo, amvekere, “Renske, awa ndi opukutira kapena ofunda?”

Tsikulo litakwana tinalawirira. Paliponse anthu atavala za mtundu wa olenji monga mwa mwambo, ana akuliza zitoliro m'mbali mwa msewu, mabanja atayala mabulangete akugulitsa zakale zawo zonse. Mayi mukuwadziwa, bulangete lililonse kuima ndi kunyogodola. “Taona mwana wanga, anthu alibe manyazi. Mpaka mapoto obooka.”

Menno ndinamuuza kuti katunduyo akapereke kusitolo ya zakale, zotsala akataye. Koma mlamu wanuyo ngouma manja. Tsiku limene aliyense amagulitsa popanda msonkho, iye ataye zinthu? Anali atalembiratu ndi choko kutsogolo kwa nyumba yathu kuti malowo ali ndi mwini. Sindikana, anatchulapo. Koma kwathu ndi kutali ndi pakati pa mzinda, ndiye sindinaone vuto.

Chinatipha ndi makeke. Mayi anagula makeke aja a olenji pamwamba, atatu, nkuti limodzi ndi la Menno, munthu sangadye holide yekhayekha. Ndinanena za mabasi, ndinanena za mwendo wawo.

“Mwendo ndi wanga, Renske,” anatero. “Tiye.”

Tikukhota kulowa mumsewu wathu, choyamba kuoneka chinali makatani a kuchipinda kwawo, obiriwira aja anasoka okha, atapachikidwa pampanda. Pansi pake wotchi ya pakhoma ya malemu bambo, makina osokera, makapu a alendo, mpando wa pazenera. Menno ataima pakati, wigi ya olenji kumutu, botolo la mowa m'manja.

Ndinkayembekeza kuti akomoka. Ayi ndithu. Anandipatsa bokosi la makeke, nasendera pafupi, naloza wotchi ndi ndodo yawo.

“Bambo, wotchi iyi mukuchita bwanji?”

“Amayi, tamverani, nkhani yake…”

“Ndafunsa mtengo, bambo. Kapena mwini wake wamwalira posachedwa, mukadali pachisoni?”

Menno anavula wigi. Mayi wina wachilendo anali atagwira kale makina osokera, ndipo mayi athu anamulangiza mokoma. “Tengani mayi, ngabwino, bola muzithira mafuta. Asakudulitseni, iyeyu anawapeza ulele.” Anthu anaseka. Kenaka anakhala pampando wawo uja, nakonza chipewa, nayamba kugulitsa okha. Achimwene, sindinaonepo munthu wodziwa malonda chotere. Chilichonse anachinena mbiri yake, anthu nkumaunjikana, ena kujambula. Mnyamata wina woledzera anafunsa ngati mpando ukugulitsidwa.

“Eya, koma uli ndi nkhalamba yake. Awiriwa akufuna zichoke zonse lero.”

Msewu wonse unafa ndi phwete. Ine ndinakwiya, pakuti aneba anga onse anali pomwepo. Ndinawanong'oneza kuti tilowe m'nyumba tikakambirane. Anandiyang'ana ngati sandidziwa.

“Dikira Tjarko amve zimenezi,” anatero motsitsa. “Mwana wanga uja akwera ndege mawa lomwe, adzandibwezera kwathu.”

Apa mundimvetse. Zaka zonsezi wochapa ndi ine, woperekeza kuchipatala ndi ine, koma dzina lotuluka pakamwa pawo ndi lanu. Ndinawauza. Ndinati nzeru yonse ndi ya Tjarko, ngakhale hotela anasankha ndi iye. Sindinanong'one.

Kenaka mayi anafunsa Menno kuti chithunzi chimene chinkakhala pamwamba pa wotchi chili kuti. Chija muli pa njinga yanu yoyamba, mano akutsogolo mulibe. Menno anali atachisunga m'galimoto, poti ngakhale iye sakanachigulitsa. Anamutuma akachitenge. Anachipukuta bwinobwino ndi mkono wa juzi, nachiika pabulangete pakati pa masupuni.

“Mwaiwalako ichi,” anatero.

Sichinachedwe. Bambo wina anakonda felemu yake, mayi namuuza kuti angopereka chimene ali nacho. Anatsegula kumbuyo pomwepo, nachotsa chithunzicho, nachisiya pansi. Mayi anaona. Anapitiriza kugulitsa makapu.

Lachisanu tinakawatula. Sanavute, analowa okha, nathokoza anamwino mwaulemu. Chipinda nchabwino, chili ndi zenera loyang'ana pabwalo, ndipo akuti akudya. Ndikapita amandilandira ngati wa ku ofesi, amandifunsa ngati ndayenda bwino, basi. Dzulo anangonditumako chinthu chimodzi, kuti ndiimbire aneba aja asiye kuthirira maluwa.

Pempho langa ndi loti mapepala a nyumba akafika musachedwe kusayina, wogula sadikira. Ndipo Lamulungu musaimbe monga mwa masiku onse. Anauza anamwino kuti ana awo onse awiri ali kunja kwa dziko, ndipo foni yochokera kunja imawatopetsa.

Mupereke moni kwa alamu ndi adzukulu a mayi. Menno akuti moni. Kwa mayi ndinafunsa ngati ali ndi mawu oti ndikulembereni, anati alibe.

Chithunzi ndi chimenecho. Ndinachitola madzulo posesa. Chidindo cha nsapato chili pankhopepo ndayesa kuchipukuta, sichikuchoka.

Ndine mlongo wanu,
Renske