Phala la Sarjento

Amayi, kumeneko mukudzuka bwanji?

Ife kuno tilipo. Mvula inagwa bwino ngati kuti sinamve za maliro anu. Chimanga cha kumunda wa ku Mitande chadzaza nkhokwe, china taunjika m'chipinda chanu, mutikhululukire. Nandolo ndiye watikhumudwitsa. Ogula anabwera ndi sikelo zawo ndi nkhope zachisoni ngati ndi iwo analima. Mkazi wa mwana wanu Armando anachira mwezi watha, mwana ndi wamkazi, ndipo tamupatsa dzina lanu. Amalira mokweza ndipo salola kuikidwa pansi. Aliyense akuti dzinalo lamugwira.

Teresa, mzime wanu, wakwatiwa ndi telala wa ku Ngauma uja munkati ali ndi makutu omva. Ukwati unachitikira kwawo kwa mwamuna poti tchalitchi chawo chili komweko. Za madiresi ndi nyimbo akuuzani yekha. Ine nkhani imene ndakhalira pansi ndi ya Sarjento.

Inde, akadali moyo. Lole yobiriwira yomwe ija imene malemu abambo anagula asilikali akugulitsa zotsala zawo, titangobwerera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha. Chipitireni inu, Sarjento anayamba kuwira. Akangoona chitunda, nthunzi ili tolotolo. Armando, amene akumuyendetsa tsopano, ankanyamula zigubu za madzi zambiri kuposa katundu wa anthu. Kenaka kunabwera ogula zitsulo zakale ochokera ku Cuamba. Anamuzungulira akumenya matayala ndi mapazi, monga achitira ogula ng'ombe yokapha. Armando anafuna kugulitsa. Ine ndinakana. Titakokanakokana tinapangana kuti pa tsiku la ukwati Sarjento anyamule abale, ufa ndi mbuzi kuchokera kuno ku Mandimba, akwere zitunda zonse za ku Ngauma. Akakafika, akhala. Akafera panjira, akadulidwe zidutswa.

Tsono ndinaitana a Saide, amakanika a kuseri kwa msika aja munkakangana nawo chaka chilichonse. Anayamba n'kupepesa za maliro, kenaka analowa pansi pa lole, natchera beseni, namasula paipi ya m'munsi mwa radiyadoro, mtsuko wa madzi oziziritsa injini umene inu munkautcha mimba ya Sarjento. Tonse tinkayembekezera madzi a dzimbiri. Sipanatuluke kanthu. Anatokosa ndi waya. Apo chinayamba kutsika pang'onopang'ono chinthu cholimba, chofiirira, chonunkha ngati mphika woiwalika kuseri kwa chitseko. A Saide anachipotokola ndi zala, nachinunkhiza, natuluka pansi paja ndi kufunsa mwaulemu kuti kodi ankaphika muno ndani.

Amayi, tinakuululani. Tikanatani? Mandimba yonse inakuonanipo mutaima pa bampala, chitenje mutamanga m'chiuno, mukuwaza ufa wa chinangwa m'mimbamo uku mukuti, "Chodontha n'chanjala, chipatseni phala." A Saide anati pa ntchito yawo anapezamo mazira, fodya, ngakhale sopo, koma phala lokwanira kudyetsa anthu a pamaliro anali asanalionepo. Anatilongosolera kuti timipaipi ting'onoting'ono ta m'katimo tinali titatsekeka, madzi sankazungulira, n'chifukwa chake injini inkapsa mtima. Pamwamba, pamene payenera kukhala chivindikiro, anapeza chitsononkho chokulunga m'kansalu. Anangochiika pambali mwaulemu ngati chinthu cha malemu.

Ntchito inali yaikulu. Anatsitsa radiyadoro yonse, naitsegula kumwamba ndi kumunsi, natokosa kapaipi kalikonse ndi waya wopyapyala. Injini anaitsuka m'kati, kuthira madzi n'kukhutula, kuthira n'kukhutula, mpaka madzi anatuluka oyera oti mbuzi n'kumwa. Mapaipi a labala anali atafewa ngati nthochi zakupsa, anawasintha. Lamba wozunguza fani anali atatsala ulusi wokha, anaika wina. Tinagula ndi chivindikiro chenicheni.

Ndiyeno tinaimika radiyadoro yoyera ija pabwalo n'kuthiramo madzi oyesera. Amayi, kunali ngati kutungira madzi m'dengu. Anatulukira mbali zonse, nkhuku zanu mpaka zinabwera kudzamwa. Phala lanu ndilo linkamupha Sarjento, phala lomwelo ndilo linkamugwira. Ndinaima pamenepo osadziwa ngati ndikudzudzuleni kapena ndikuthokozeni. Armando ndinamuona akuyang'ana cha kumsewu wa ku Cuamba.

Sindinagonje. Radiyadoro ija ndinaikweza pa chapa, minibasi ya anthu, ine ndemwe kupita nayo ku Cuamba, kwa mkulu wina womata zitsulo ndi mtovu pafupi ndi njanji. Wotolera ndalama m'chapamo tinatsutsana naye njira yonse ngati chinthucho chinali katundu kapena munthu, poti chinatenga mpando. Womatayo anawerenga mabowo mpaka anatopa, anangoti mwini wake wa lole imeneyi ayenera kuti anali munthu wopemphera. Nditabwera nayo, a Saide anaimanga m'malo mwake, nathiramo madzi a mvula a mumgolo osakaniza ndi mankhwala obiriwira oletsa dzimbiri. Madzi a kumtsinje analetsa. Pochoka anatiloza ndi sipanala, nati, "Ufa ukalowanso muno, musadzandiitane. Ine si wophika."

Tsiku la ukwati tinanyamuka m'mawa. Kumbuyo kunadzaza amayi oimba, matumba a ufa, mbuzi, ndi amalume amene anakana mpando wa kutsogolo ponena kuti akufuna pothawira pafupi. Ine ndinakhala pambali pa Armando, maso ali pa kasingano kosonyeza kutentha. Chitunda choyamba, kasingano kali pakati. Chachiwiri, kali pomwepo. Sarjento ankakwera akubuula monga mwa masiku onse, koma osatuluka thukuta. Ndinayamba kukonza mumtima mawu oti ndimunyoze nawo Armando tikafika.

Titatsala pang'ono kumaliza chitunda chachitali chija, wina kumbuyo anamenya denga, nati tikusiya mzere wa madzi m'msewu. Tinaima. Pakona ya m'munsi ya radiyadoro panali kabowo kamodzi kamene womata uja sanakaone, ndipo chivindikiro chatsopano chija, poti chimagwira mphamvu, chinkakankhira madzi onse pomwepo. Ankatuluka kamzere kowonda ngati kamwana kakukodza. Ku tchalitchi kunali kukadali kutali, madziwo sakanatifikitsa. Nyimbo zinaleka. Pangano lathu tonse tinkalidziwa, ndipo ine sindinadandaule, poti munkati wopangana salira pagulu.

Armando anakhala pa mwala kudikira kuti injini izizire. Sanandiyang'ane. Atakhutira, anazungulira kumbuyo, namasula thumba la ufa wa chinangwa wa paphwando, natapa dzanja limodzi. Anakwera pa bampala, natsegula chivindikiro ndi kansanza, nawaza ufawo pang'onopang'ono akugwedeza dzanja. Amayi, ndi dzanja lanu lenileni. Ngakhale mlomo anaupotoza ngati inu. Anawonjezera madzi, naliza injini, ndipo tonse tinawerama kuyang'ana pansi. Kamzere kaja kanasanduka madontho, madontho anayamba kuchedwa, kenaka zii.

Anapukuta manja pa buluku lake la ukwati, nati, "Achemwali, inu simunaone kanthu. A Saide akafunsa, muli madzi okha."

Tinafika wansembe asanavale n'komwe. Ogula zitsulo aja atabweranso, Armando anakawachingamira yekha kumsewu n'kuwauza kuti pakhomo pano palibe chogulitsa. Sindinamunyoze. Mawu ndinakonza aja ndawasunga, adzagwira ntchito tsiku lina.

Muwauze abambo kuti lole yawo ikuyenda, ndipo yaleka kumwa ngati chidakwa. Kabowo kaja ndikuti tikakamatitse bwinobwino ku Cuamba, Armando akungoti mawa. Dzulo posesa ndinapeza kathumba ka ufa atakabisa pansi pa mpando wa dalaivala. Ndakasiya pomwepo.

Mvula isanayambe tibwera ndi Sarjento, atasenza simenti ndi mchenga, kudzamanga chiliza chanu. Limenelo ndi lonjezo. Simudzasowa wokuuzani kuti tafika, mudzatimva tikadali kutsidya kwa mlatho.

Ndine mwana wanu wokukondani masiku onse,
Luwiza