Khanda Lasanduka Apongozi

Loweruka, Juni 1954. Kwazizira, ndipo ndatopa nazo za pakhomo pano.

Chibwerereni ku Halale, alamu anga a Filipo nkhani yawo ndi imodzi: bayisikopo yoopsa imene anaonera kumeneko, ya nkhalamba imene itamwalira inabadwanso ngati khanda kudzalanga abale ake. Dzulo anamufotokozera mkazi wanga Nangozo yonse, mpaka kutsanzira mawu a mzukwawo.

Tsoka lake, mwana wathu tinamutcha dzina la malemu bambo anga, ndipo makutu ake ndi a iwo ndithu. Lero pochokera kumunda wa kachewere ndamupeza ali litsiro lokhalokha, mayi wake atagwada chapatali.

“Bwanji simunamusambitse?”

“Ine ndiwavule apongozi anga? Asambitseni nokha, ndi bambo anu.”

Ndamukumbutsa kuti ndife Akhristu, mwanayu tinakamubatizitsa ku Nzama. Akuti, “Nanga bwanji amatsokomola ndikamalowa m’nyumba?”

Ndamusambitsa ndekha, a Filipo akuseka pakhonde. Mwanayo wandikodzera pamalaya, kenako wandiyang’anitsitsa atakweza nsidze imodzi, monga ankachitira bambo ndikachedwa kutsekera ng’ombe. Ndangozindikira ndanena kuti, “Pepani.”

Nangozo wamva. Ndiye mawa ndikamuuzanso kuti ndi zabodza, iye adzandikhulupirira bwanji?