Nyumba Yogontha

Loweruka, 14 Okutobala 1995

Manyazi a chaka chonse ndawalandira lero pakamodzi. Ndimazira pansi m'chipinda ndi ndowe yosakaniza ndi dothi la pachulu. Kabudula wong'ambika, malaya palibe. Odi pakhomo. Apongozi, a Mwaanga, jekete ndi tayi, kuchokera ku Kanakantapa. Ndinagwada n'kuwomba m'manja mwaulemu, osakumbukira zimene zinali m'manjamo. Yafika mpaka pa tayi.

Abwera kudzayendera nyumba. Mkazi wanga Norah ali kwawo chibadwire mwana wathu Lushomo, miyezi itatu tsopano. Lamulo la bambo ake: mwana ndi mdzukulu sabwera kuno mpaka iwo aone okha ngati munthu angakhalemo. Anamva kuti mkamwini, ndi maphunziro onse a ku koleji ya aphunzitsi ku Chalimbana, wamanga ya njerwa zosawotcha, denga la udzu. Akuti anafunsa: "Ninaphunzitsa mwana unesi kuti akagone mu khola?"

Ndawaonetsa zonse. Makoma okhuthala, tizibowo ta mpweya pamwamba, mbaula ya dothi yongofuna tinkhuni titatu, ngakhale chikombole cha njerwa. Mtengo ngakhale umodzi sunagwe chifukwa chowotcha njerwa. Akuti abwerera mawa.

Lolemba, 16 Okutobala

Mawa lija silinafike.

Kunja dzuwa loswa mtengo, nkhuku kukamwa yasa. Dzulo masana analowa m'chipinda kuti awongole mwendo pang'ono. Anatuluka folo koloko, masaya ali mizeremizere ya mphasa. Kwawo, pansi pa malata, akuti Okutobala munthu amakazingika ngati nsawawa.

Ine ndikugona m'khitchini. Denga limodzi ndi apongozi, ayi. Za nyumba sananenebe kanthu.

Lachinayi, 19 Okutobala

Chimbudzi. Changa n'cha manyowa, munthu akatha amathiramo kaphulusa kodzaza dzanja. Zaka ziwiri za koleji, palibe anatiphunzitsa mmene mkamwini angauzire apongozi zochita m'chimbudzi.

Ndinalemba chikwangwani: ALENDO ONSE, CHONDE THIRANI PHULUSA. Alendo onsewo ndi munthu mmodzi. Wakhuthuliramo ndowa yonse.

Ndiponso momwe alowa iwo ine sindingalowemo. Mwini chimbudzi chanzeru kuposa zonse m'Chongwe akupalasa njinga m'mawa uliwonse kupita ku cha kusukulu. Ahedi andiyamikira kuti masiku ano ndikulawirira ntchito.

Lachiwiri, 24 Okutobala

Tsiku la ufulu. Kwa ena.

Ndawapeza akuyendetsa madikoni awiri m'nyumba, akugogoda khoma ndi ndodo. "Tinaganiza kuti tisadule mitengo," akutero. "Tinaganiza," ngati tinamanga tonse. Madikoniwo agwira khoma, agwira masaya awo, agwiranso khoma. Mmodzi wapempha kuti msonkhano wa mpingo uzichitikira muno.

Ine pakhonde, kusenda mbatata za alendo a alendo anga.

Sondo, 29 Okutobala

Mavis, mnansi wathu wogula tomato ku Kanakantapa, wabwera ndi mauthenga awiri.

Wa apongozi aakazi: musawafulumizitse, pakhomo pali mtendere umene sanauone chikwatiwire.

Wa Norah: Lushomo watuluka totupa ta kutentha khosi lonse, masana sagona, akungolira pansi pa malata. Ndipo wayamba kuseka mokweza. Mavis wamumva. Kondakitala wa minibasi wamumva.

Ine ayi.

Ndinamanga chipinda chozizira chifukwa cha mwana ameneyu, iye asanabadwe. Mukuliza mkonono nkhalamba ya zaka sikisite-foro.

Loweruka, 4 Novembala

Ndachita choipa. Iwo ali kosamba, ndinakwera pa mpando n'kutseka tizibowo tonse ndi masaka. Tizibowo timene ndinajambula miyezi isanu, mpaka kukangana ndi mmisiri. Ndimati nyumba itenthe, akumbukire kwawo.

Sipanathe ola. Anandiitana, masaka ali m'manja.

"Aphunzitsi, kansi simuidziwa nyumba iyi? Mpweya wotentha ufuna potulukira."

Mawu anga omwe, a tsiku loyamba lija. Ndimayesa sanamve. Ndinagwada n'kuthokoza chifukwa cha malangizo.

Loweruka, 11 Novembala

Milungu inayi. Mlendo safunsidwa tsiku lopita, kuli bwanji amene anakupatsa mkazi. Ndazungulira kutali. Ndafunsa za munda, ngati mbewu ndi ng'ombe zili chire, poti mitambo yayamba kusonkhana chakum'mawa.

Anaseka. "Ine mvula siinanipitepo. Dontho loyamba pa malata, nili kale na khasu. Kanakantapa yonse ibyala pambuyo panga."

Ndayamba kumvetsa. Akangoti nyumba n'njabwino, ulendo wawo watha. Akati n'njoipa, agonamonso bwanji? Ndiye chigamulo chili m'thumba la jekete, pamodzi ndi tayi uja.

Lachisanu, 17 Novembala

Yagwa! Wani koloko mpaka cha m'ma fili. M'kalasi malata akulira ngati ng'oma khumi, ana osandimva, ndinangowasiya aziyang'ana pawindo. Yeniyeni yobzalira.

Kufika kunyumba, matope mpaka m'maondo. Bwalo madzi okhaokha, inswa zayamba kutuluka. M'chipinda, mkonono. Udzu wanga wameza mvula yonse, ngakhale kaphokoso.

Kudzutsa apongozi n'kosatheka. Ndinaima pakhomo n'kutsokomola. Kachiwiri. Kenako ndinayamba kuyamikira mvula mokweza, kuuza nkhuku.

Anatuluka wopanda nsapato. Anayang'ana bwalo, anayang'ana kumwamba, anapisa chala m'nthaka, chonse chinalowa. Anafunsa kuti yayamba nthawi yanji. Ndinawauza. Nkhope ngati munthu amene maliro a mfumu amupitirira ali m'tulo. Pofika mawa, anzawo onse a m'minda ya ku Kanakantapa adzakhala atabzala, ndipo adzadziwa kumene a Mwaanga anali.

Jekete anavalira panjira. Ndinawanyamulira chikwama mpaka ku msewu, ndili masitepe atatu kumbuyo. Chikwamacho cholemera kuposa mmene chinabwerera.

Minibasi itaima, phazi limodzi lili kale mkati, anatembenuka.

"Nyumba yanu ni yogontha, aphunzitsi. Mlimi angafe na njala mmenemo." Kondakitala anamenya chitseko. "Koma mwana angagone. Bazabwera pa Sondo."

Ndabwerera ndikuthamanga. Mphasa padzuwa, ngati lituluke. Chikwangwani cha alendo onse ndazula. Ndalowa m'chimbudzi changa koyamba m'mwezi wathunthu, ndakhalamo nthawi yaitali, popanda chifukwa.

Chikombole changa choumbira njerwa sindikuchiona.