Nsomba m'kabokosi ka Amayi

Bambo a Tuli,

Mukadzuka musandifune, ndapita ku mtsinje wopatulika wa Ganga kukatunga madzi oyeretsera kabokosi kokwezera chakudya. Pepani, tiyi mudziphikire nokha.

Dzulo munachita ulesi kukwera masitepe ndi nsomba yokazinga ija, munangoiika m'kabokosi n'kukoka chingwe kuti Tuli ailandire pamwamba. M'mawa uno ine ndatumiza mpunga wa Amayi momwemo osadziwa. Atangotsegula kachitseko, fungo lawalonjera. Afuulira m'bowo la chingwe lija mpaka Kolkata yense wamva: "Mtengwa iwe! Chimwalirireni amuna anga, nsomba sinayandikepo mbale yanga, poti mwambo wathu sulola mkazi wamasiye kuidya. Kabokosi aka anakhoma ndi iwowo kuti mawondo anga apume, lero wakasandutsa dengu la kumsika?"

Mpungawo aubweza. Akuti sadya chodutsa m'menemo mpaka katsukidwe, ndipo mukudziwa kuti mankhwala awo a shuga samwa asanadye. Ndaphika wina mumphika wawo, uli pambali wovundikira. Musambe kaye, musinthe malaya, mukwere nawo pamanja.

Ine ndatopa, bambo. Ndapepesa monga mwa masiku onse, poti iwo akuti mwana wawo sangachite zotere. Dzina lanu sindinatchule. Mukafika pamwambapo mukawauze ndi pakamwa panu.

Mpaka nditabwera, kabokosi ka m'nyumba muno ndinu. Belu la Amayi loitanira kabokosi likalira, kwerani. Ndipo kumbukirani, kabokosi sikayankha.

Moushumi