Chitenje Cholakwika ku Maliro a ku Chikale

Nkhata Bay
9 Juni

Okondedwa achemwali Magret,

Ndikhulupirira muli bwino ku Dedzako pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno thupi lili bwino koma mtima uli m'mwamba. Pa foni sindingazinene izi, makoma a nyumba yathu ya lendi ndi opyapyala.

Mwamva za chipani chatsopano chija cha Nkhafi. Kuno ndiye chafika pena. Mtsogoleri wawo akuti akangowina, palibenso munthu wa boma wodzalanda ukonde wa msodzi, ndipo ngakhale m'minibasi za ku Mzuzu akuti dziko lonse latembenukira komweko. Tsono paja alamu anu a Reuben, pa ntchito yawo ya boma yoyang'anira usodzi, ndi amene analanda ndi kuwotcha maneti a udzudzu amene anthu ankagwirira tiana ta nsomba ku Chikale chaka chatha.

Lachiwiri kunagwa maliro a msodzi ku Chikale komweko. Ndi phuma langa lija mumandiseka nalo, ndinangosolola chitenje m'basiketi n'kuthamanga. Nditafika ndinaona amayi onse akundiyang'ana m'chiuno. Achemwali, chinali cha chipani chakale chija, chitenje chomwe ndinkaberekera mwana wanga Dalitso ali khanda. Bokosi anali atalikuta ndi nsalu ya Nkhafi, okumba manda anali anthu awo. Ndinakachitembenuza kuseri kwa nyumba, koma mtundu wake subisika.

A Suwilanji, wapampando wa amayi a Nkhafi, anandikokera pambali. "Mama, si inu akazi a bwana wowotcha maneti? Mwabwera kudzatiseka pamaliro? Dzina la bwana wanu lili kale papepala, Loweruka tikaliwerenga pamsonkhano." Wina amene anamuwerenga mwezi watha anamugendera nyumba, pano ali kwawo ku Ntcheu.

Dzulo a Suwilanji anabwera pakhomo ndi nsalu yawo yatsopano. "Mukavina kutsogolo Loweruka, pepala lija litha kufupika," anatero akumwetulira. Ndinalandira ndi manja awiri, ndinathokozanso. Ndili ndi manyazi, koma mantha ndi amene apambana.

A Reuben sakudziwa. Iwo amangoti lamulo ndi lamulo, ndipo akadzamva kuti mkazi wa munthu wa boma wavina pamsonkhano wa chipani, sindikudziwa ngati ndidzagonenso m'nyumba muno. Ndikapanda kuvina, sindikudziwa ngati nyumbayo idzakhalepo. Nsaluyo ndaibisa m'chikwama chopitira kutchalitchi, iwo sagwiramo.

Pempho langa ndi ili: Lachisanu ndikweza Dalitso ndi mnzanga wakuntchito wopita ku Lilongwe, mukamulandire pa depoti ya ku Lilongwe komweko. Mukamuuze kuti wabwera kudzaona agogo. Amatsokomola kukazizira, musamusiye opanda juzi.

Mupereke moni kwa amayi, ndi kwa bambo, amene anatiphunzitsa kusagwadira ndale. Loweruka masana muwapezere bambowo chochita kudimba, asakakhale pa TV ya kugolosale akamadzaonetsa msonkhanowo.

Ndine mng'ono wanu,
Emily