Kedi wa a Longwe

Lolemba, 2 Juni

Maviza atuluka. Onse awiri. Uthenga unandipeza pamzere ku banki, ndinangokhala pabenchi. Mtima pansi tsopano. Ogasiti tili ku Scotland kwa mwana wathu Wongani, kukabatiza mdzukulu. Ine nkhani ndi mdzukuluyo. Amuna anga, a Longwe, nkhani ndi gofu basi.

Sindikudandaula. Chiwagwereni sitiroko chaka chatha, munthu ankangokhala pampando wa pakhonde, bulangeti m'miyendo, maso kumpanda. Kudya kokakamiza. Kuyankhula kochita kupempha. Tsiku limene Wongani anati pafoni, "Adada, mubwere ndi ndodo zanu za gofu," ndi tsiku limene anaitanitsa madzi ometera. Ndiye gofuyo akalephereka, ndikudziwa komwe abwerere. Kumpando kuja, ndipo ulendo uno sadzadzukapo.

Adokotala anati kuyenda ayende, mpira amenye, koma kunyamula katundu ayi. Dzanja lamanzere likadali laulesi.

Lachinayi, 5 Juni

Ntchito yosankha mabwalo yagwera ine. A Longwe ndi kompyuta samwerana madzi. Amangoima kumbuyo kwanga nkumalamula ngati akadali ku ofesi ya zankhalango.

Tinayamba ndi bwalo lotchuka la St Andrews, poti dzinali akhala akulitchula chikwatirane. Nditaona mtengo ndinavula magalasi, kupukuta, kuvalanso. Womwewo. Kusewera kamodzi kokha penshoni ya mwezi yatha, ya mwezi winawo yalumidwa. Anangoti, "Tsekani, NyaManda." Nkhope inagwa. Ndinachita mantha.

Ndiye ndayamba kusaka timabwalo tosatchuka. Lero ndaphunzira kuti mabwalo ali mitundu iwiri. Linkisi ndi a m'mbali mwa nyanja yamchere, mchenga, mphepo, mtengo ndi umodzi womwe ayi. Pakilandi ndi a kumtunda, mitengo, udzu wofewa, ngati lathu la kuno. Zaka zonsezi ndikuchapa masokosi a gofu, izi osazidziwa.

Iwo akufuna linkisi. Ati mitengo anaiona mokwanira pantchito. Ndawafunsa ngati mphepo ya Juni ya kuno ku Katoto, mu Mzuzu muno, siikuwakwanira.

Loweruka, 7 Juni

Tasankha atatu. Linkisi awiri m'timidzi ta asodzi, pakilandi imodzi kufupi ndi kwa Wongani. Onse pamodzi sakufika pa mtengo wa St Andrews. Limodzi ndi la maenje naini okha, pachithunzi nkhosa zikudya udzu pabwalo pomwepo. Ku ofesi kulibe munthu. Ati umangoponya ndalama m'kabokosi ka pakhomo nkumasewera. Tinaseka mpaka misozi. A Longwe anati, "Kabokosi kameneko kuno kangagone?"

Madzulo anatulutsa nsapato za gofu nkuzipolisha okha, ndi dzanja limodzi, nsapato atapana ndi mawondo. Sindinathandize dala.

Mlamu wanga Selina wabwera kuchokera ku Nkhata Bay ndi ufa wa kondowole, ati wa Wongani. Miyezi iwiri isanakwane ukhala utatha, ndikudzidziwa. Mtengo wa shuga wakweranso.

Lachiwiri, 10 Juni

Mutu waima.

Ndikutsuka mbale, kabokosi kaja kanandibwerera. Ngati palibe ngakhale wolandira ndalama, kedi wonyamula chikwama achokera kuti? Kuno munthu ukangotsika galimoto ku kalabu, makedi afika kale, kulimbirana chikwama. A Longwe chiyambireni gofu sanachinyamulepo, ngakhale kuchitsitsa m'buti. Ine ndimayesa kedi amabwera ndi bwalo ngati udzu. Sindinafunse n'komwe. Iwonso sanafunse.

Ndinamuimbira Wongani ali pa bureki. Anati, "Amama, makedi ali kumabwalo a anthu olemera, ndipo amadula chomene. Kwinaku aliyense amakoka kangolo kake." Kangolo pamilu ya mchenga, ndi dzanja lija? Tigalimoto tokwera, mabwalo anga otchipawa alibe. Iye tchuthi anamupatsa cha ubatizo chokha, kuchipatala komwe amagwira ntchito anthu ndi ochepa. Mkazi wake Rejoice ali ndi khanda. Ndipo mabwalo awiri ndalipira kale.

Ndinadziona wochenjera Loweruka lija.

Sindinawauze. Ali pakhonde ndi pata, ndodo yolowetsera mpira m'dzenje ija, akuyeseza pamkeka. Dzenje lake ndi kapu yanga ya tiyi.

Lachitatu, 11 Juni

Ndikawauza, pali ziwiri. Anena kuti anyamula okha, akagwere kumchenga kwa eni. Kapena anena kuti basi zisiyeni, abwerere ku bulangeti. Zonse ndikuziopa, yachiwiriyo kwambiri.

Ku Umanyano, kumsonkhano wa amayi a mpingo, ndinaimba pakamwa pokha. Mnzanga Fyness anandikoka potuluka, ndinamuuza. Anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi nkuti, "Iwe nawe yayi! Mwana wa ku Chintheche, unakula ndi dengu la chinangwa pamutu, lero ukuopa chikwama cha ndodo?" Ndinaseka. Pobwerera, ndili pa sakramento, kabaza wathu wa kuno, njinga ikukwera mtunda, ndinasiya kuseka.

Ine kedi? Ine amene ndakhala ndikulalikira kuti gofu ndi masewero a amuna othawa ntchito za pakhomo?

Ndalembera mabwalo onse atatu kufunsa ngati mkazi wosasewera amaloledwa kuyenda nawo. Chizungu changa cha usekeletale chikadalipo.

Lachisanu, 13 Juni

Awiri ayankha. N'zololedwa, ulere. Mayi wa kubwalo la nkhosa wawonjezera kuti kangolo andisungira, ine ndingobwera ndi jekete ya mvula. Yewo, Ambuye.

Kunyumba ndinati ndikupita kumsika. Ndinapita ku kalabu kwa a Davie, kedi wakale wa a Longwe, imvi mbuu tsopano. Ndimayesa aseka. Sanaseke, koma anzawo pansi pa mtengo anawasekera mokwanira. Kangolo panalibe, ndiye anandipatsa chikwama chonse kuti thupi lizolowere. Paphewa chinandidula ngati nkhuni zomanga moipa. Ndinavula mpango, kupota nkhata, chikwama pamutu chopingasa. Bwinobwino, mpaka ndodo zinayamba kusololoka kumbuyo, a Davie akutola. Tinachimanga kukamwa ndi chitenje.

Malamulo awo: maso pa mpira mpaka utagwa, osaponda podutsa mpira, osayankhula munthu akamamenya. Lomalizalo ndi limene lindivute.

Msana ukuwawa. Mtima uli bwino.

Lachitatu, 18 Juni

Mzuzu ndi mudzi. Nkhani yafika kunyumba ine ndisanaikonze. A Overtoun, mnzawo wa gofu, anabwera dzulo kudzawaona nkuwaonetsa chithunzi pafoni. Ine, chikwama pamutu, pakati pa bwalo. Ndinali kukhitchini. Ndinamva kuseka kwa a Overtoun okha.

Mlendo atapita ndinawauza zonse, za kabokosi, za makedi, za Wongani. Anamvetsera osaphethira. Kenako, "Mkazi wanga andinyamulire chikwama pamaso pa anthu? Ndafika pamenepo?" Ndinati chaka chatha ndinkakunyamulani inuyo kupita kubafa, kungoti panalibe wojambula. Zinatuluka zokha. Kaya ndinalakwa, kaya sindinalakwe.

Lero tsiku lonse pakhonde. Bulangeti. Phala asiya theka. Pata yatsamira pakona.

Ndikuopa. Pakamwa panga padzandipha.

Lachisanu, 20 Juni

Chimodzimodzi. Mawawa kuyambira m'mawa, zochapa sizikuuma. Bwalo lachitatu layankha kuti inde, koma ndilibe womuuza. Ndinasindikiza chithunzi cha linkisi ya nkhosa ija m'tauni nkuchiika patebulo, pafupi ndi mankhwala awo, osanena kanthu. Masana ndinapeza chasuntha. Mwina mphepo.

Kwa a Davie ndapitabe. Walira mvula walira matope. Ndayamba kusiyanitsa ndodo ya seveni ndi ya naini osavala magalasi.

Wongani watumiza kanema wa mwana akuyasamula. Mphuno ya agogo ake aamuna, wosauka.

Loweruka, 21 Juni

Ndikusita m'chipinda, analowa akukoka chikwama chawo pansi. Sanandiyang'ane. Anangofunsa kuti chija ndinasenza ku kalabu chinali cholemera bwanji. Ndinati ngati ndowa ya madzi. Anakhutulira ndodo zonse pabedi, pa malaya osita kale, nkuyamba kupatula. Iyi itsale, iyi ipite. Theka lonse lapita kuseri kwa wadirobu, mipira yakale, ambulera yawo yaikulu. Mpaka ndodo ya mutu waukulu imene anagula atapuma ntchito, imene salola munthu kuikhudza. Anati, "Iyi sindimaimenya bwino kale." Bodza lenileni. Ndinavomera.

Anandipatsa chikwama kuti ndiyese. Chopepuka ngati cha mwana wa sukulu. Anati ndisadzaikenso pamutu, akazi a ku Scotland adzatengera.

Ndinapita kukhitchini kukalira pang'ono. Anyezi analipo, mwamwayi.

Lachiwiri, 24 Juni, m'mawa

Dzulo tinapita ku kalabu. Tinasankha Lolemba dala kuti anthu achepe, koma makedi onse analipo, ndi a Overtoun omwe, kaya anamva kwa ndani. A Longwe anatsogola, chipewa kumutu, ine pambuyo ndi chikwama paphewa. Palibe anaseka. Mmodzi anakuwa, "Monire abwana, mwawelako!" Anangokweza dzanja, lamanzere lomwelo.

Kumenya koyamba anaphonya mpira, ndodo inangodula mphepo. Mawu anafika pakhosi, ndinawameza. Kumenya kwachiwiri mpira unanyamuka, osati patali, koma unanyamuka, ndipo ndinauona pomwe unagwera. Pa dzenje lachitatu anatambasula dzanja osatembenuka, ine nkuikamo seveni. Anaiyang'ana, anandiyang'ana, anamenya nayo. Ndinangolota, ndi yokhayo inali pafupi.

Anatopa tisanafike theka. Tinakhala pansi pa mtengo wa paini, ine ndikumvetsera kapumidwe kawo, iwo akundilongosolera za mphepo ya ku linkisi ngati anabadwira komweko. Kunyumba anamaliza mbale yonse nkufunsa ngati mpunga watsala.

Phewa langa lero si langa. Ndimati ndipume, ndilembe bwinobwino, ndimuyankhenso mayi wa nkhosa uja. Koma munthu wadzuka ine ndisanadzuke, wameta, ali pageti. Akukuwa kuti kedi wochedwa salipidwa. Ndawafunsa pawindo kuti nanga wofulumira amalipidwa zingati. Ati tikambirana m'njira, ndifulumire mame asanaume.

Ndisiyire pompa. Tiyi ndimwa pobwera.