Rauta ndapita nayo ku Mitundu

Amake Shamimu,

Musavutike kufunafuna rauta, ndanyamula ine. M'mawa muja masamba ena amakana kutseguka pafoni, ndiye ndinawerenga kuti vuto ndi IPv6. Ndinazimitsa ichi, kuyatsa icho, kenako ndinabaya kabatani kakumbuyo kaja ndi phini ya mpango wanu. Zonse zafufutika, ngakhale dzina limene Shamimu anaipatsa asanapite ku Joni. Phini nayo yapindika.

Ndathamangira ku Mitundu kwa Khalidi wokonza mafoni. Shamimu akaimba kuti ationetse khanda lija ndisanabwere, pitani kusitolo kwa achemwali anu, intaneti yawo ikugwira.

Pepani ndithu. Munandiuza kuti ndisakhudze mpaka aimbe, ine ndiye liuma.

Mdzukuluyo mukamuyang'anitsitse m'malo mwanga. Mudzandiuze ngati mphunoyo ndi yanga.

Fadili